MAKINA OJAMBULA MAFUPA A ZIWETO: KODI ADZAFIKA KUMAKOLA ATHU?

Owerenga athu ambiri a m'boma la Rumphi awadziwa kale makina a X-ray. Munthu akagwa panjinga, kapena mwana akagwa mumtengo wa mango dzanja nkutupa, dotolo amamutumiza kukajambulitsa, ndipo pachithunzi chakudacho fupa limaoneka loyera, ndi malo amene lathyoka. Zimenezi sizidabwitsanso munthu masiku ano. Koma alipo ambiri amene sadziwa kuti makina a mtundu womwewo amajambulanso galu, mbuzi, kavalo, ngakhale mwendo wa njovu, ndiponso kuti m'maiko akunja malonda a makina ojambula nyama akukula chaka ndi chaka.

Mwezi uno tifuna kufotokoza za makina amenewa: m'mene agwirira ntchito, chifukwa chake malonda ake akukula, ndi zimene mlimi wa ku Bolero, ku Hewe, ku Mhuju kapena ku Mwazisi angayembekeze kwa iwo. Tipempha aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga kuti awerengere anzawo nkhaniyi ndi kuimasulira m'Chitumbuka, pakuti eni ng'ombe ambiri ndi akuluakulu amene pepala ili siliwafika m'manja.

M'MENE ZIDAYAMBIRA

Pa 8 Novembala 1895, mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Würzburg ku Germany, dzina lake Wilhelm Röntgen, anali kuyesa magetsi m'chubu chagalasi chimene adachikuta ndi pepala lolimba lakuda. M'chipindamo munali mdima. Iye adadabwa kuona kuti kapepala kena kopakidwa mankhwala, kamene kanali poteropo, kakunyezimira. Adazindikira kuti m'chubumo mukutuluka cheza chosaoneka ndi maso, chimene chikupyola pepala lakuda lija. Popeza sadadziwe kuti ndi cheza chanji, adachitcha X, monga achitira ana a sukulu pa samu akafuna nambala imene sadaipeze. Mwezi wotsatira adajambula dzanja la mkazi wake, ndipo pachithunzipo padaoneka mafupa a zala ndi mphete yake yaukwati. Mu 1901 Röntgen adalandira mphotho ya Nobel, ndipo sadalembetse luso limeneli kuti likhale lake yekha, kotero kuti aliyense adatha kupanga makinawo.

Madotolo a ziweto sadachedwe. Chaka cha 1896 chisanathe, ena mwa iwo ku Berlin ndi ku London anali atayamba kale kujambula agalu, amphaka ndi miyendo ya akavalo. Chotero kujambula nyama si chinthu chadzana ayi. Chatha zaka zoposa 125.

M'MENE AGWIRIRA NTCHITO

Aphunzitsi angayese izi ndi ana awo usiku. Tengani tochi yowala bwino, muiyatse ndi kuphimba galasi lake ndi zala zanu. Muona kuti zala zikufiira, chifukwa kuwala kwina kukupyola mnofu. Cheza cha X-ray chichita chimodzimodzi, koma mphamvu yake ndi yaikulu kwambiri. Chimapyola mpweya mosavuta, chimapyola mnofu movutikirako, koma chikafika pafupa chambiri chimaima, ndipo pachitsulo chimaimiratu. Tsono kuseri kwa mwendo wa nyama amaikako filimu kapena mbale yolandira chezacho. Pamene cheza chafika chambiri pamada, pamene chatsekerezedwa pamayera. Nchifukwa chake fupa lioneka loyera, msomali uoneka woyera koposa, ndipo mapapo odzaza mpweya aoneka akuda.

Kunena zoona chithunzi cha X-ray ndi mthunzi chabe. Monga mthunzi wa munthu pakhoma suonetsa ngati wanyamula kanthu kumbuyo, chithunzi chimodzi chikhoza kubisa mng'alu wa fupa. Motero dotolo wodziwa ntchito yake amajambula kawiri, cham'mbali ndi chakutsogolo.

Kuti cheza chituluke pafunika magetsi okwezedwa kufika mavoti zikwi makumi angapo, amene amaomba kachitsulo kolimba kotchedwa tungsten m'kati mwa chubu. Makina akazimitsidwa cheza chimathera pomwepo. Sichitsala m'chipinda, sichitsala m'thupi la nyama.

Vuto la nyama ndi lakuti simva kuuzidwa. Munthu amamuuza kuti, “Imani chilili, musapume,” ndipo amamvera. Galu amene akumva ululu amaluma, ng'ombe imaponda, ndipo nyama ikagwedezeka pang'ono chithunzi chimaonongeka. Kawirikawiri dotolo amayamba waibaya jekeseni yoifoola kapena yoigonetsa, ndipo imeneyonso ili ndi mtengo wake.

CHIFUKWA CHAKE MALONDA AKUKULA

Kale kujambula kunali ntchito yolemetsa. Makina anali aakulu, omangidwira m'chipinda. Filimu inkatsukidwa mumdima ndi mankhwala amene amaonongeka msanga kukatentha, ndipo chithunzi chikalakwika ankayambanso zonse. Mu 1983 kampani ya Fuji ya ku Japan idayamba kugulitsa makina amene mbale yake imawerengedwa ndi kompyuta m'malo mwa kutsukidwa. Pambuyo pake kudabwera mbale zina zimene zimatumiza chithunzi kukompyuta nthawi yomweyo, munthu asanaphethire kangapo. Chipinda chamdima chidatha ntchito, mankhwala otsukira adatha ntchito. Chithunzi chikhoza kukulitsidwa, kuwalitsidwa, ndi kutumizidwa pa intaneti kwa katswiri amene ali kutsidya la nyanja, iye nkuyankha tsiku lomwelo. Ndipo lero alipo makina amene munthu mmodzi amanyamula pamanja, oyendera batire, amene dotolo amapita nawo kukhola m'malo moti nyama ipite kwa iye. Chimenechi ndicho chifukwa choyamba.

Koma chifukwa chachikulu chili m'mitima ya anthu ndi m'matumba mwawo. Ku Ulaya, ku America ndi m'mizinda ikuluikulu ya ku Asia galu ndi mphaka asanduka ngati ana a m'nyumba. Ku United States pafupifupi mabanja awiri mwa atatu alionse ali ndi nyama yoweta ya mtundu umenewu. Galu kumeneko amagona m'nyumba, amadya chakudya chogula kusitolo, ndipo amakalamba. Akakalamba amadwala nyamakazi, mano amabooka, zotupa zimamera, ndipo mwini wake amalipira kuti ajambulidwe monga angalipirire mayi ake. Ena amalipira inshuwalansi mwezi ndi mwezi kuti galu akadwala kampani ilipire. Ife kuno tikhoza kuseka, pakuti galu wathu amadya mkute ndi kugona pakhonde, koma ndalama zimene zimayenda pankhaniyi si zoseketsa. Mu 2017 kampani ya Mars, imene ambiri aidziwa ndi chokoleti ndi maswiti, idagula kampani ya VCA, mwini wa zipatala za nyama mazana ambiri ku America, pamtengo wa madola pafupifupi 9 biliyoni. M'gulu la zimene idagulazo munalinso nthambi yogulitsa makina ojambula nyama.

Palinso akavalo ampikisano. Kavalo mmodzi wothamanga akhoza kugulidwa ndi ndalama zokwanira kumanga sukulu, ndipo wogula sapereka ndalama asanaone zithunzi za mafupa a miyendo yake yonse inayi. Ku South Africa, kumene kuli akavalo otere ndi mafamu a nyama zakutchire, sukulu ya madotolo a ziweto ya Onderstepoort pafupi ndi Pretoria, imene idayamba kuphunzitsa mu 1920, ili ndi makina amphamvu ojambula nyama zazikulu.

Opanga makinawa ndi ambiri tsopano: IDEXX ndi MinXray a ku America, Fujifilm ndi Canon a ku Japan, Agfa a ku Belgium, Sedecal a ku Spain, ndi makampani ochuluka a ku China ndi ku South Korea. Kuchuluka kwa ogulitsa kwatsitsako mitengo. Komabe makina onyamulika pamodzi ndi mbale yake ndi kompyuta yake agulidwa ndi madola zikwi zambiri, ndiye kuti mlimi angagulitse khola lonse la ng'ombe koma osakwanitsa. Taonani tsono kuti malonda amenewa akukulira pa agalu, amphaka ndi akavalo a anthu achuma. Ng'ombe yokoka ngolo ya fodya m'chigwa cha Nkhamanga siinali m'maganizo mwa opangawo.

NKHANI YA NG'OMBE YA BAMBO ANGA

Mundilole, owerenga, ndikambe za kwathu, chifukwa ndi zimene zidandichititsa kufunsafunsa za nkhaniyi.

Ndili ku sekondale, bambo anga anali ndi ng'ombe ziwiri zapagoli kumudzi kwathu m'chigwa cha Henga. Yaikulu tinkaitcha Bulaki. Ng'ombe ziwirizi ndizo zinkalima munda wathu, kututa chimanga ndi kukokera anthu ena katundu paganyu, ndipo fizi yanga inkachokera pamenepo. Chaka china, mvula itayandikira, Bulaki idasiya kudya bwino. Inkaima itapinda msana, zigongono zitatanuka, ndipo potsika mtsetse popita kumadzi inkabuula ngati munthu. Bambo adagula mankhwala a njoka zam'mimba kwa wogulitsa wina wapamsika. Sizidathandize. Wogulitsayo adati ndi matenda a nkhupakupa, nawagulitsa botolo lina la jekeseni. Ng'ombe idakhalako bwino masiku owerengeka, kenaka idabwereranso. Atagula botolo lachitatu, pachifuwa ndi pakhosi pake padayamba kutupa. Anzawo adawauza kuti aiphe msanga nyama isanaonongeke, koma bambo adakana, nati, “Ndikapha iyi, inzakeyo idzakoka ndi yani?” Idafa yokha usiku wina mu Novembala, sabata imene anthu adayamba kulima.

Poitumbula adapeza kawaya kotalika ngati chala. Kanali katapyola chifu nkukafika pakathumba kokuta mtima, ndipo ponsepo panali mafinya. Nyama yonse idakwiriridwa. Chaka chimenecho tidalima ndi makasu, munda udachepa, ndipo ine ndidakhala pakhomo teremu imodzi.

Matenda amenewa madotolo a ziweto awadziwa bwino. Ng'ombe sisankha chakudya ndi milomo monga ichitira mbuzi. Imakolola udzu ndi lilime nkumeza osatafuna kwenikweni, ndipo msomali kapena waya zikakhala muudzumo zimapita pamodzi. Chitsulo, pokhala cholemera, chimagwera m'chifu chachiwiri, chija chili ndi timaenje tonga zisa za njuchi, chimene amayi amachidziwa bwino potsuka zam'kati. Chifu chimenechi chili pafupi kwambiri ndi mtima, ndipo chimafinyika kosalekeza. Tsiku lina chimakankha wayayo nkubooka. Kwathu kuno zitsulo zotere zili ponseponse: misomali ya m'zigafa za fodya, waya womangira mipanda, ndi tiwaya totsala m'phulusa pamene anyamata atentha matayala.

Nditayamba ntchito ino ndidafunsa mlangizi wa ziweto ngati makina a X-ray akadaipulumutsa Bulaki. Yankho lake ndilo mutu wa nkhani yonseyi. Waya amaoneka bwino pachithunzi, inde. Koma kuti cheza chipyole mimba ya ng'ombe yaikulu, yodzaza ndi udzu ndi madzi, pafunika makina amphamvu omangidwira m'chipinda, onga a m'masukulu a madotolo. Makina onyamula pamanja aja amakhoza mwendo, chiboda, mutu, ndi thupi lonse la galu kapena mbuzi, koma pamimba ya ng'ombe yapagoli amalephera. Kenaka adandiuza chimene chidandiwawa koposa: kuti matendawo akadawaganizira ndi manja okha. Mlangizi amatsina ng'ombe pamsana chapafupi ndi linunda, kapena anthu awiri amaika mtengo kunsi kwa chifuwa nkuukweza pang'onopang'ono. Ng'ombe imene yalasidwa ndi waya imabuula. Ikadziwika msanga amaimwetsa kachitsulo ka maginito kotalika ngati chala, kamene kamakhala m'chifumo moyo wake wonse ndi kugwira misomali ndi mawaya, naipatsa mankhwala oyenera. Ikadziwika mochedwa amauza mwini wake kuti aiphe nyama ikadali yabwino. Njira zonse ziwirizi zikadatisiyira kanthu. Chimene chidatisowa chinali munthu wodziwa, woitanidwa sabata yoyamba, ndipo ndalama za mabotolo atatu aja zikadakwana kumuitana.

ZIMENE MAKINA AONA NDI ZIMENE SAONA

Tisawanyoze makinawa, pakuti pamene akhoza akhozadi. Ntchito yake yoyamba ndi mafupa. Nyama ikatsimphina, chithunzi chimanena ngati fupa lathyoka, langong'aluka, laguluka pamfundo, kapena ladyeka ndi mafinya. Chimaonetsa fupa la nkhuku limene laima pakhosi pa galu, mbedza imene wameza galu wa kunyanja ku Mlowe, ndi chipolopolo m'thupi la nyama yakutchire. Galu wamkazi akatsala pang'ono kuswa, chithunzi chimawerengetsa ana amene ali m'mimba, ndipo chimaonetsa ngati wina wapingasa.

Ngakhale pamafupa pomwepo, mlimi adziwe izi. Mwana wa ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa ikathyoka mwendo m'munsi mwa bondo, ndipo fupa silinatulukire pakhungu, kawirikawiri imachira ikamangidwa bwino ndi chikhakha kapena timatabwa kwa masabata anayi kufikira asanu ndi limodzi. Koma ng'ombe yaikulu ya makilogalamu 250 kapena 300 ikathyoka pantchafu kapena paphewa, chiyembekezo nchochepa ngakhale kumaiko kumene makina ali pakhomo, chifukwa palibe chikhakha chimene chingasenze thupi lotero. Pamenepo chithunzi chingonena zimene mlangizi adaona kale pogwira mwendowo.

Tsono tiyeni tiwerenge zimene zimapha ziweto zathu kuno ku Rumphi. Choyamba ndi matenda obwera ndi nkhupakupa, makamaka aja atchedwa East Coast Fever, amene amatupitsa mwanabere kunsi kwa khutu ndi kutha ana a ng'ombe nthawi yadzinja. Midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Vwaza ili ndi kashembe, ntchentche imene imapatsa anthu matenda a kaodzera ndi kuondetsa ng'ombe mpaka kufa. Palinso njoka zam'mimba ndi tizilombo ta m'chiwindi totengedwa m'madambo, chigodola cha nkhumba, chitopa cha nkhuku, ndi chiwewe cha agalu. Mwa matenda onsewa palibe ndi amodzi omwe amene mlangizi angawafufuze ndi X-ray. Ena amadziwika ndi kadontho ka magazi kopakidwa pagalasi ndi kuyang'anidwa pa maikulosikopu. Ena amadziwika poyeza ndowe. Ena amapewedwa ndi dibi kapena katemera.

Chifuwa chachikulu chimasokoneza anthu ambiri pankhaniyi. Popeza aona anthu akujambulidwa pachifuwa pofufuza TB, amayesa kuti ng'ombe nazonso zimayezedwa chomwecho. Iyayi. Ng'ombe imabayidwa kamankhwala pakhungu, ndipo atapita maola 72 mlangizi amabwera kudzaona ngati pamalopo patupa.

Majumbo apulasitiki nawonso avuta. Mbuzi ndi ng'ombe za pafupi ndi misika ya pa Boma ndi pa Bolero zimadya majumbo otayidwa, makamaka okhala ndi fungo la mchere kapena mafuta, ndipo amaunjikana m'chifu mpaka nyama kuonda ili ndi mimba yaikulu. Pulasitiki saoneka bwino pachithunzi cha X-ray monga chionekera chitsulo. Boma lidaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019, koma amene amaweta pafupi ndi msika adziwa kuti kutola majumbo pabusa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Kwa alimi a ng'ombe zamkaka, monga a m'madera ozungulira Mzuzu, funso lalikulu limakhala lakuti ng'ombe yatenga bere kapena ayi, chifukwa mwezi uliwonse umene ikhala yopanda bere ndi ndalama zotayika. Apanso X-ray si chida chake. Mlangizi wozolowera amadziwa polowetsa dzanja patapita masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Makina amene amathandiza pamenepa ndi a sikani, onga aja aunikira amayi oyembekezera kuchipatala. Iwo sagwiritsa ntchito cheza koma mawu osamveka ndi khutu, ndipo alibe choopsa kwa wogwira. Ine ndiganiza kuti ngati makina ounikira ziweto adzafika m'makola a kuno kumpoto, oyamba kufika adzakhala amenewa.

KODI M'MALAWI ALI KUTI?

Nyama ya m'dziko muno imene ingakumane ndi X-ray ndi ya m'mizinda, makamaka Lilongwe ndi Blantyre, kumene kuli zipatala za ziweto za madotolo oima paokha ndi za mabungwe. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA losamalira agalu, amphaka ndi abulu, ndiponso Lilongwe Wildlife Centre, kumene amasamalira nyama zakutchire zovulala ndi zolandidwa kwa anthu ozigulitsa mobisa, monga ngaka ndi anyani. Kuchokera ku Rumphi kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 400. Galu akhoza kuyenda ulendo wotere m'galimoto, koma ng'ombe yothyoka mwendo ayi.

Kale Mmalawi wofuna kukhala dotolo wa ziweto ankayenera kukaphunzira kunja, ena ku Zambia kumene yunivesite ya ku Lusaka ili ndi sukulu ya Samora Machel, ena ku Kenya, ku Tanzania kapena ku Ulaya. Tsopano yunivesite ya LUANAR ku Bunda iphunzitsa madotolowa m'dziko mwathu momwe muno. Ichi nchofunika pankhani yathu kuposa kutsika kwa mitengo ya makina, chifukwa chithunzi cha X-ray sichilankhula. Chimafuna munthu amene adaphunzira mafupa a nyama iliyonse kuti asiyanitse mng'alu weniweni ndi mzere wa fupa la mwana wa ng'ombe limene likukulabe. Aphunzitsi auze ana awo okhoza samu ndi sayansi kuti ntchito imeneyi ilipo.

Boma lathu lili ndi nkhalango ziwiri zotchuka, Nyika ndi Vwaza, ndipo mu 2017 njovu 34 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Nyika. Nyama zakutchire zimakodwa m'misampha yawaya imene imadula mnofu mpaka kufika pafupa. Nyama yotere siingatengeredwe kuchipatala. Dotolo amailasa ndi jekeseni yogonetsa, ndipo ali ndi nthawi yochepa yoti aone ngati fupa ladyeka isanadzuke. Apa ndi pamene makina oyendera batire aja ali ndi ntchito yeniyeni, ndipo nkutheka kuti X-ray yoyamba ya nyama imene anthu a kuno adzaiona ndi maso idzakhala ya kutchire, osati ya kukhola.

CHENJEZO

Cheza cha X-ray sichioneka, sichitentha, sichinunkha, koma chikachuluka chimaononga thupi. Anthu oyamba kuchigwiritsa ntchito sadadziwe zimenezi. Clarence Dally, wothandiza wa Thomas Edison ku America, ankayesa makina ndi manja ake tsiku ndi tsiku. Manjawo adachita zilonda zosapola, adadulidwa, ndipo iye adamwalira ndi khansa mu 1904. Kujambulidwa kamodzi kapena kawiri ndi makina amakono kulibe choopsa chenicheni, kwa munthu kapena kwa nyama. Amene ali pangozi ndi munthu wogwira nyama pojambula kawirikawiri popanda chodzitetezera. Nchifukwa chake ogwira ntchitoyi amavala chovala ndi magolovesi okhala ndi mtovu m'kati, ndi kabaji koyeza cheza chimene alandira. Mayi woyembekezera ndi mwana asagwire nyama pojambula, ndipo oonerera aime patali. Aphunzitsi a samu angakonde lamulo lake: munthu akawirikiza kawiri mtunda umene waima kuchokera pamakina, cheza chomufika chimatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo akawirikiza katatu chimatsala gawo limodzi mwa magawo asanu ndi anayi.

M'dziko muno muli lamulo la 2011 loyang'anira zipangizo zotulutsa cheza, ndipo bungwe la Boma lotchedwa Atomic Energy Regulatory Authority ndilo lipereka chilolezo chokhala ndi makina otere. Popeza makina otsika mtengo tsopano agulitsidwa ngakhale pa intaneti, tsiku lina munthu akhoza kufika pamsika wa ng'ombe ndi kabokosi, nati aunika ziweto zanu ndi kuona matenda onse pamtengo wakutiwakuti. Mufunseni chilolezo chake ndi chiphaso chake cha udotolo wa ziweto, ndipo mudziwitse a vetenale kapena afumu. Makina oona matenda onse kulibe.

Tichotsenso mantha amene angabuke. Makina a X-ray satenga magazi, sakhudza ndi khungu lomwe. Nyama imene yajambulidwa siiuma kubereka, mkaka wake ndi wabwino, ndipo nyama yake ikhoza kudyedwa. Chimene chiletsa kudya nyama kapena kumwa mkaka ndi mankhwala amene chiweto chabayidwa, ogonetsa aja kapena ena alionse, ndipo mlangizi amanena masiku oyenera kudikira. Komanso musavute anamwino ndi madotolo a chipatala cha anthu powapempha kuti akujambulireni galu kapena mbuzi. Makina amenewo ndi a anthu odwala, ndipo mzere wake ndi wautali kale.

Tsono chiweto chanu chikatsimphina, yambani mwanyamula mwendowo ndi kutsuka chiboda, pakuti kutsimphina kwambiri kwa ng'ombe kumachokera kuchiboda: munga, kamwala, msomali kapena kuola kwa pakati pa ziboda nthawi yamatope. Mukaona kuti mwendo ukulendewera kapena wapindika posayenera, musaiyendetse nyamayo ndipo musaibaye mankhwala ogula pamsika, chifukwa ikafunika kuphedwa nyama yake siidzaloledwa. Iikeni pamthunzi, muipatse madzi ndi udzu, ndipo mutume mwana kwa mlangizi tsiku lomwelo. Ng'ombe imene ikuima yopinda msana ndi kubuula potsika mtsetse muichitire chimodzimodzi, ndipo mumuuze mlangiziyo ngati idadya pafupi ndi chigafa, mpanda wawaya kapena pamene padatenthedwa tayala. Alangizi a ziweto apezeka kumaofesi a zaulimi a m'madera mwanu ndi ku ofesi ya zaulimi pa Boma.